Mwana wasankhidwa ku yunivesite koma m'nyumba mulibe kanthu, ndiyambire khomo liti?

Nabanda wa ku Chamama: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndalowa ndi nkhani yaitali usiku uno, tulo sitikubwera. Ndikulera mwana wa malemu akulu anga, mtsikana. Mayi ake anatisiya ali Sitandade 6, bambo ake anapita kukagwira ntchito ku esiteti kalekale osabweranso. Walemba Fomu 4 pa sukulu yoyendera ya kwathu konkuno, wapeza mapointi 15, ndipo dzina lake latuluka, wasankhidwa ku UNIMA ku Zomba kukaphunzira za uphunzitsi. Tsiku limene tinamva tinaimba nthungululu mpaka a kutsidya kwa dambo anabwera kudzafunsa kuti kwagwanji. Lero nthungululu zatha, kwatsala kuwerengera ndalama. Soya ndinagulitsa kale, ndalama yake inapita ku ngongole ya feteleza ndi kugula chimanga. Amalume ake akuti mwana adikire chaka chamawa, kapena ayambe wapeza ganyu m'sitolo pa boma. Ine mtima wanga ukukana. Amene munadutsako, kapena muli ndi ana kumeneko, thandizo lake limakhala lotani?

Make Tadala: Eee, tiyamike Mulungu kaye. Mapointi 15 pa sukulu yoyendera! Mumuuze mwanayo kuti amayi ake ena a ku Nkhamenya anyadira.

Admin: Nkhani iyi ndi yathu tonse. Ndikupempha kuti mauthenga a malonda ayambe aima mpaka mayiwa athandizidwe.

Aphunzitsi a ku Santhe: ANabanda, mawu a amalume akewo muwalandire mwaulemu koma musawatsate. Ndaphunzitsa zaka zambiri, ndipo ana amene anauzidwa kuti dikira chaka chamawa, ambiri chaka chamawacho chinawapeza ali ndi mwana kumbuyo.

Khomo loyamba ndi la ngongole ya boma. Bungwe lake ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board, ambiri amangoti Loans Board, ndipo maofesi ake ali ku Lilongwe. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015. Musalisokoneze ndi NCHE. A NCHE ndi amene amayendetsa zosankha ana opita ku mayunivesite 6 a boma, UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuni, koma ndalama sapereka. Apa ndi pamene makolo ambiri akumudzi amagwera m'mbuna. Amaganiza kuti poti dzina latuluka ndiye kuti boma lamutenga mwana ndi zonse, monga zinkakhalira kale ophunzira akudya ku kafeteriya mwaulere. Zimenezo zinatha. Ngongole imafunsiridwa payokha, pa intaneti, nthawi yake ikalengezedwa, ndipo chaka chilichonse wophunzira amafunsiranso.

Ngongoleyo ili ndi mbali. Ya fizi imapita ku yunivesite mwachindunji, mwana saigwira m'manja. Ya upkeep, yoti adyere ndi kulipira pogona, imalowa mu akaunti yake ya ku banki. Ndiye mwanayo akhale ndi chiphaso cha unzika ndi akaunti ya m'dzina lake, osati lanu. Si onse ofunsira amene amapatsidwa, amayang'ana amene ali ovutikitsitsa, n'chifukwa chake umboni ndi wofunika kwambiri.

Nabanda wa ku Chamama: Zikomo aphunzitsi. Chiphaso ali nacho, anajambulitsa ali Fomu 3. Akaunti alibe. Umboni mukunenawo ndi wotani? Poti umphawi wathuwu aliyense m'mudzi muno akuudziwa.

Aphunzitsi a ku Santhe: A m'mudzimo akuudziwa, koma amene akawerenge fomu ku Lilongwe sanafikepo kwanu. Iwo akaona pepala basi. Chiphaso cha imfa ya mayi ake ngati chilipo. Ngati palibe, yambirani kwa amfumu, alembe kalata ndi chidindo, kenako mupite nayo ku boma. Pitaninso kwa ahedi a sukulu imene anaphunzira alembe mmene fizi yake inkalipidwira. Ngati anathandizidwapo ndi ofesi ya Social Welfare, mpingo kapena bungwe lina lililonse ali ku sekondale, kalata ya kumeneko ndi yamphamvu zedi, chifukwa imasonyeza kuti vutoli silinayambe dzulo.

Nabanda wa ku Chamama: Fomu 3 ndi Fomu 4 anamulipirira a chigwirizano cha amayi ku mpingo kwathu. Ndipita kwa abusa mawa.

Mwana wa ku Wimbe: Mayi, ndine wa chaka chachitatu ku Zomba komweko, panopa ndili pa holide kuno kumudzi. Zimene anena aphunzitsi ndi zoona zonse. Ndiwonjezere zimene sizilembedwa pa chilengezo.

Ngakhale dzina lituluke pa ngongole, musayembekeze kuti tsiku lofika pasukulu ndalama ikhala ili kale mu akaunti. Pali kusaina mapepala a mgwirizano kaye, timati bonding, kenako kudikira. Masabata oyambirirawo ndi amene amagwetsa ma yearo ambiri, ophunzira a chaka choyamba. Choncho chimene banja liyenera kusakasaka panopa si fizi yonse ayi, koma thiransipoti, lendi ya mwezi woyamba kapena iwiri, ndi chakudya chonyamula.

Ine ulendo woyamba ndinanyamula ufa wa mgaiwa ndowa ziwiri, nyemba, mtedza wosenda, mfutso wa chitambe umene agogo anayanika, ndi kapoto kamodzi. Pa depoti ku Lilongwe anzanga ena ankandiyang'ana ndi matumba angawo, koma pofika sabata yachitatu omwewo ankabwera kuchipinda kwanga madzulo ndi mbale. Mfutso wotendera unatisunga anthu anayi mwezi wathunthu. Musachite manyazi kumunyamulitsa za kumunda.

Malo ogona pa kampasi ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero chathu. Ambiri timakhala kunja, makamaka kwa Chikanda. Afunsire malo a pa kampasi msanga akangolandira uthenga wake, chifukwa ndi otsikirapo mtengo komanso kwa mtsikana ndi kotetezeka. Akalephera, apeze mesho wodalirika, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, agawane lendi.

Za upkeep, mu 2024 inakwera kuchoka pa K350,000 kufika pa K560,000 pachaka. Imamveka yambiri, koma igaweni pa miyezi 8 ya masemesita awiri, ikukwana K70,000 pamwezi. M'menemo muchoke lendi, makala, ndiwo, sopo, bandulo, kusindikiza ma assignment. Imathandiza kwambiri, koma payokha siifika kumapeto.

Make Tadala: Mwanangu wa ku Wimbe, wanena zoona. Wanga ali ku Bunda, mwezi uliwonse ndimatumiza ufa pa minibasi mpaka pa Mitundu. Ndalama ndilibe koma chimanga ndimakwanitsa.

Achimwene a ku Joni: Ine ndiyankhule mosiyana pang'ono, musandide. Ngongole ndi ngongole. Mwana wamasiye mukumusenzetsa katundu wa zaka 4 asanagwire n'komwe ntchito. Kuno ku Johannesburg ndili ndi anyamata awiri a kwathu a madigiri, wina akutsuka magalimoto, wina ali m'sitolo ya mwenye. Kwawo akuwerengedwa kuti ali ndi ngongole ya boma. Bwanji mwanayo osapita ku TTC, sukulu ya aphunzitsi ya pa Kasungu pompo, kufupi ndi kwawo, zaka ziwiri watha? Uphunzitsi ndi womwewo.

Aphunzitsi a ku Santhe: Achimwene, nkhawa yanu ndaimva ndipo si yopanda pake, ntchito zikusowadi. Koma uphunzitsi si womwewo. TTC imaphunzitsa aphunzitsi a ku pulayimale, digiri ya ku Zomba ndi ya ku sekondale, ndipo ndi digiri munthu amatha kulowa m'ntchito zina zambiri kapena kupitiriza maphunziro. Sindikunyoza TTC, akazi anga anadzera komweko. Koma mwana amene wapatsidwa malo ku yunivesite asawasiye chifukwa choopa ngongole imeneyi.

Iyi si katapila. Palibe amene adzabwere kudzanyamula mbuzi za aNabanda kapena kudzazula malata. Wophunzira akamaliza amapatsidwa zaka ziwiri asanayambe kukakamizidwa kubweza, ndipo akalembedwa ntchito, lamulo limati olemba ntchitowo azidula pang'onopang'ono pa malipiro. Ine yanga anandidula choncho mpaka inatha. Mwezi umene ndinaona kuti pa payslip palibenso mzere umenewo ndinagula nkhuku.

Ndiponso ndinene ichi poti pagulu pano tilipo ambiri amene tinaphunzira ndi ndalama imeneyi. Ngongolezi zinayamba kuperekedwa cha m'ma 1985, ndipo alipo anthu akuluakulu, ena oyenda pa galimoto zabwino, amene mpaka lero sanabweze. Ndalama imene akuikhalira ndi yomwe ikanafikira ana ngati uyu wa ku Chamama. Amene mukudziwa kuti simunabweze, kabwezeni.

Achimwene a ku Joni: Za kubwezazo ndikugwirizana nanu. Koma boma lizilembanso ntchito anawa. Munthu angabweze bwanji ali pa kabaza?

Chisale wa pa Chinkhoma: Apo ndiye mwalasa achimwene. Komanso ife alimi chimatipweteka ndi nyengo. Ndalama ya fodya timaiona msika ukatsegulidwa cha mu Epulo mpaka mwina Ogasiti. Sukulu ikatsegulira Janyuwale kapena Febuluwale imatipeza tili m'munda, m'thumba muli mbee, ngakhale ufa tikugula wa pa walkman. Ine mwana wanga woyamba ndinamulipirira pogulitsa fodya asanakhwime kwa mavenda, mtengo wolira nawo. Chaka chotsatira ndinaphunzira, ndikangolandira ya mabelo oyamba ndimakaika ya sukulu ku akaunti yake ya fizi nthawi yomweyo, ngakhale semesita isanayambe. Ikakhala m'nyumba imatha ndi maliro ndi matenda.

Mnyamata wa kwa Chulu: Ndilankhuleko za ine, mwina zithandiza wina. Chaka changa choyamba sindinafunsire ngongole. Si kuti anandikana, nthawi inandidutsa. Kwathu netiweki timaipeza pachulu cha kuseri kwa sukulu, foni yanga inali ya mabatani, ndipo mwezi umenewo tinkagona kumunda kuthamangitsa njovu zochokera ku nkhalango. Pamene ndinafika pa boma kukafunsa pa kafe ya intaneti, anandiuza kuti anatseka masiku 5 apitawo. Ndinakhala pansi pakhonde pa sitolo ina mpaka dzuwa kupendeka, osadziwa kuti ndikawauza chiyani amayi.

Ndinapitabe kusukulu ndi ndalama ya njinga imene tinagulitsa. Semesita yoyamba ndinkadya kamodzi patsiku, nthawi zina zigege za madzulo basi. Chimene chinandipulumutsa ndi mnzanga wina wa ku SCOM, gulu la ophunzira achikhristu, amene anandikoka dzanja kupita nane kwa Dean of Students, mkulu woona za umoyo wa ophunzira. Ine ndinkaopa, ndinkaganiza kuti ofesi imeneyo ndi ya anthu olakwa. Anandikhazika pansi, anandimvetsera, analemba dzina langa pa mndandanda wa ovutika, ndipo anandilangiza mmene ndingalembere kalata yopempha kuti ndizilipira fizi pang'onopang'ono. Patapita miyezi iwiri kunabwera anthu akufuna kwabwino ofuna kuthandiza ophunzira angapo, ofesiyo inapereka maina a pa mndandanda uja, langa linali pomwepo.

Ndiye mayi, mwanayo akakafika, sabata yoyamba yomweyo akadziwonetse ku ofesi imeneyo. Asadikire kuti zifike pothina. Mabanki, makampani, mipingo ndi magulu a amene anaphunzira kale pasukulupo akafuna kuthandiza, amafunsa kumeneko, ndipo ofesi singapereke dzina la munthu amene siikumudziwa.

Make Tadala: Mwanangu wandiliza. Mulungu akudalitse mnzako uja.

Mwana wa ku Wimbe: Akulu a kwa Chulu anena chinthu chachikulu. Ndiwonjezere ziwiri. Dzina likapanda kutuluka pa mndandanda woyamba wa ngongole, pamakhala mwayi wochita apilo, asataye mtima n'kulongedza. Ndipo zikakanikiratu, asangosowa pasukulu mwakachetechete. Pali njira yolembera kalata kwa Registrar kuti waima kaye chifukwa cha ndalama, malo ake amasungidwa. Amene amangochoka osalemba kalata amawerengedwa ngati wathawa kapena walephera mayeso, ndiye kubwerera kumavuta.

Nabanda wa ku Chamama: Ndikulemba zonsezi m'kope la mwanayu. Funso lina, pali munthu wina anandiimbira dzana, akuti ali ndi m'bale wake ku Lilongwe amene angaike dzina la mwana pa ngongole ndikamutumizira K40,000 pa Airtel Money. Ndimati ndibwereke ku banki m'khonde.

Admin: MUSATUMIZE. Ameneyo ndi wakuba.

Aphunzitsi a ku Santhe: Musayerekeze aNabanda. Pali kandalama kolipira pofunsira, koma kamalipidwa m'njira imene bungwelo lalemba pa chilengezo chake, osati pa nambala ya munthu. Akubawa amaona maina a osankhidwa akatuluka n'kuyamba kusaka makolo. Nambala imeneyo itumizeni kwa Admin kumbali tichenjeze ena.

Nabanda wa ku Chamama: Mayo ine. Zikomo, ndikanataya ndalama ya eni ake.

Make Tadala: Tsopano ndilankhule monga mayi, abambo mundikhululukire. Mwana wamkazi njala yake ili ndi msampha umene wamwamuna sauona. Kuzungulira masukulu amenewa madzulo kumaima magalimoto a zidyamakanda. Amadziwa bwino lomwe mwezi umene ana ndalama zawathera. Amayamba ndi chips ndi nkhuku, kenako foni, kenako lendi. Mwana wa kumudzi amene sanagwirepo K20,000 yakeyake amaona ngati wapeza wachifundo.

Ine Tadala ndinakhala naye pamphasa usiku woti anyamuka mawa lake. Sindinamuopseze. Ndinamuuza kuti, ukasowa sopo undiuze, ukasowa zovalira kumwezi undiuze, usachite nane manyazi, ndikalephera ndikuuza kuti ndalephera koma tisakasaka limodzi. Ndinamusokera timatumba tiwiri ta zitenje, ndinaikamo sopo wochapira mipiringidzo 4, mafuta odzola ndi mapadi a miyezi itatu. Zinthu zazing'onozi ndi zimene zimagwetsa ana athu, si fizi ayi.

Ndipo mumuuze kuti wina aliyense pasukulu, kaya wophunzitsa kaya wophunzira mnzake, akamamuvutitsa kapena kumuopseza kuti amulepheretsa mayeso akakana zofuna zake, pali kokanena. Masukuluwa ali ndi malamulo oletsa zimenezo, ndipo dziko lili ndi lamulo la Gender Equality Act la 2013. Asunge mauthenga a pafoni, asafufute, apite nawo kwa Dean kapena kwa woimira atsikana mu bungwe la ophunzira.

Nabanda wa ku Chamama: Amake Tadala, izi ndi zimene zimandisowetsa tulo kuposa ndalama. Mwanayu sanapitepo kupyola Lilongwe.

Mwana wa ku Wimbe: Mayi musadandaule kwambiri. Tili ndi kagulu ka ana a ku Kasungu pasukulupo, atsikana a chaka chachitatu ndi chachinayi alipo. Ndikamulumikiza ndi achemwali ena a ku Mtunthama, akamulandira pa depoti. Ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu, Kasungu mpaka Lilongwe, kenako kudzera Dedza, Ntcheu, Balaka, Liwonde mpaka Zomba. Anyamuke ndi basi ya m'mamawa kuti asafike usiku ndi katundu.

Anamwino Nachisale: Ndangotuluka ku ntchito, ndawerenga zonse. Pali mbali imodzi imene sitinaikhudze, ya thanzi. Pa yunivesite pamakhala kiliniki ya ophunzira. Malungo, m'mimba, kuyezetsa magazi, njira zakulera, ngakhale amene amamwa ma ARV amathandizidwa mwachinsinsi kapena kutumizidwa ku chipatala chachikulu. Ngati mwana ali ndi matenda okhalitsa monga mphumu kapena khunyu, anyamule buku lake la kuchipatala akalionetse akangofika.

Koma chimene ndikufuna kutsindika ndi matenda a maganizo. Mwana amene anali nambala wani kuyambira Sitandade 1 amakafika kumene aliyense anali nambala wani kwawo. Chingerezi cha ophunzitsa chimathamanga, anzake a ku masukulu apamwamba ali ndi malaputopu, iye kompyuta akuigwira koyamba. Mayeso oyamba akapeza 38, amaona ngati dziko lamugwera. Kunyumba sanganene poti mudzi wonse unamuperekeza ndi nyimbo. Amayamba kudzitsekera m'chipinda, kusiya kudya, ena kuyamba mowa kapena kubetcha mpira pafoni ndi ndalama ya upkeep poganiza kuti aichulukitsa. Ena tawataya chifukwa chodzipha, ndipo ambiri mwa iwo ndi anyamata, poti tinawalera kuti mwamuna salira.

Pasukulu pamakhala alangizi a zamaganizo, pamakhalanso abusa, ansembe ndi mashehe otumikira ophunzira. Zikakula pali Zomba Mental Hospital ku Zomba komweko, ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko si misala. Ndipo inu makolo, mukamuimbira foni musamangofunsa kuti wakhoza bwanji. Mufunseni ngati wadya, ngati akugona tulo, ngati ali ndi mnzake wocheza naye. Akakuuzani kuti ali ndi sapu, musakalipe. Sapu ndi mwayi wolembanso phunziro limene sanakhoze, ambiri amene lero ndi madokotala anailembapo.

Mnyamata wa kwa Chulu: Anamwino, zimene mwalembazi zinandichitikira ndendende. Ndinatha milungu iwiri osalowa m'kalasi, ndikungogona. Mesho wanga ndi amene anazindikira.

Bambo a Yamikani: Ndimangowerenga nthawi zambiri koma lero ndilembeko. Mwana wanga ndi wosaona. Anthu ankandiuza kuti yunivesite si ya anthu ngati iye. Ku Zomba kuli chipinda chothandizira ophunzira olumala, kumene amapeza zolemba za Braille ndi makompyuta olankhula, ndipo pa mayeso amakonzeredwa mwapadera. Pa malo ogona amaganiziridwanso. Chofunika ndi kulemba za ulumaliwo pa fomu ndi kuwadziwitsa a sukulu musanafike kuti akonzekere. Makolo ena amabisa poopa kuti mwana amuchotsa pa mndandanda, kumeneko ndi kumulakwira mwana. Ndanena izi chifukwa pagulu pano pakhoza kukhala wina amene akusunga mwana wotere m'nyumba.

Admin: Zikomo bambo. Uthenga uwu ndiwutumizanso ku gulu la aphunzitsi.

Chisale wa pa Chinkhoma: Nanga za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, bwanji? Timamva kuti muli gawo la mabasale. ANabanda apiteko kwa phungu wawo.

Achimwene a ku Joni: Aaa, zimenezo amapatsana okhaokha a chipani.

Aphunzitsi a ku Santhe: Achimwene, madandaulo otero timawamva, koma tisamuletse mayiyu kugogoda. Ndalama imeneyo si ya m'thumba mwa phungu, ndi ya misonkho yathu, ndipo imadzera ku khonsolo. Alembe kalata, aphatikize kalata yosankhidwa ija ndi ya amfumu, apereke kudzera ku komiti ya chitukuko ya dera lawo, ina akasiye ku khonsolo, ina asunge. Mabasale ambiri a kumeneko amapita kwa ana a sekondale, choncho asaikepo mtima wonse. Akapatsidwa ngakhale ya thiransipoti, yathandiza. Kwa atsikana kulinso mabungwe monga CAMFED amene amagwira ntchito m'maboma ena, a ku ofesi ya zamaphunziro pa boma angakuuzeni amene alipo m'dera lanu.

Chisale wa pa Chinkhoma: Komanso amalume akewo asangopereka malangizo. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako, ndiwe mwini mbumba. Ngati ali ndi mbuzi agulitse imodzi. Chuma cha malume chimadziwika pa tsiku ngati ili.

Nabanda wa ku Chamama: Achisale, achimwene angawo si ouma mtima, ndi mantha chabe. Chaka chatha anadwala, anagulitsa ng'ombe. Ndikawawerengera zimene mwalembazi, ndikhulupirira afewa.

Mwana wa ku Wimbe: Chinanso, akakazolowera atha kumachita kageni kakang'ono. Anzanga ena amaluka tsitsi m'mahositelo, ena amagulitsa mandasi, mazira owiritsa, kaunjika, ena amaphunzitsa ana a Fomu 4 m'makomo Loweruka. Ine ndimabweretsa chiponde cha kwathu m'mabotolo, chimatha sabata imodzi. Koma semesita yoyamba asayambe, aone kaye mmene maphunziro akuyendera. Laputopu asavutike nayo panopa, ku laibulale kuli makompyuta ndi Wi-Fi. Chofunika ndi foni yoti itha kulowa pa WhatsApp, chifukwa zilengezo za m'kalasi zonse zimadzera pamenepo.

Nabanda wa ku Chamama: Foni ili m'manja mwangayi ndi yokhayo m'nyumba muno. Ndimupatsa, ine ndibwerera ku ya mabatani.

Achimwene a ku Joni: Ayi mayi, imeneyo sungani kuti muzilankhula naye. Ndili ndi Samsung ina yosweka pang'ono pakona koma imagwira bwino. Pali mnyamata akubwera pa basi sabata yamawa, atsikira ku Lilongwe, ndimupatsira. Za ngongole maganizo anga sanasinthe kwenikweni, koma mwanayo apite.

Make Tadala: Ambuye akuonjezereni achimwene. Ine ndili ndi bulangete latsopano ndi ndowa. Ku Zomba kumazizira mu Juni, kuli phiri.

Admin: Poti zafika apa, tiyeni tichite mwadongosolo. Amene angathe aponye kangachepe, kaya K2,000 kaya K5,000, cholinga chikhale thiransipoti ndi lendi ya miyezi iwiri. Ndalama isadzere kwa ine ndekha. Aphunzitsi a ku Santhe ndi Anamwino akhale mboni, ndipo aliyense akatumiza ndizilemba pano poyera. Mwana akatsegula akaunti tikaika kumeneko. Mapepala a mwanayo, chiphaso kapena kalata ya imfa, musaziponye pagulu pano, zipite kumbali kwa amene akuthandiza kudzaza fomu.

Anamwino Nachisale: Ndavomera. Yanga ndituma malipiro akalowa.

Chisale wa pa Chinkhoma: Ine ndalama panopa ndilibe, koma thumba la chimanga la makilogalamu 50 lilipo. Wina adzalitenge, mukagayitse konko.

Nabanda wa ku Chamama: Mwadzuka bwanji abale anga. Ndabwera kudzapereka lipoti. Dzulo ndinapita kwa amfumu, kalata alemba ndipo adinda. Abusa akuti yawo ikhala itatha Lachisanu. Ahedi ndinawapeza ali ku msonkhano, ndipitanso. Madzulo ndinakhala pansi ndi amalume ake, mwanayo ndi amene ankawerenga mauthenga anu mokweza. Atafika pa a mnyamata wa kwa Chulu, achimwene anangoti zii, kenako anadzuka n'kupita kukhola. Akuti mbuzi yaikazi ija ipite ku msika Loweruka. Mwana analira, inenso ndinalira.

Tsopano fomu ya pa intaneti ija, ine sindingaithe, ndipo kuno netiweki imadukaduka.

Mwana wa ku Wimbe: Mayi, Loweruka ndikhala pa boma. Mubwere naye m'mamawa, tiyambe ndi kujambulitsa mapepala onse akhale okonzeka m'foni ndi pa imelo, ndimutsegulire imelo yake, ndimuonetsenso mmene fomuyo imayendera kuti chaka chamawa adzathe yekha. Ku banki Loweruka amatseka msanga, ndiye tikayambire kumeneko. Anyamule chiphaso cha unzika chenichenicho, kalata yosankhidwa, chikalata cha zotsatira za MSCE ndi kalata ya amfumu ija. Nambala ya foni imene tilembe pa fomu ikhale yolembetsedwa m'dzina lake, ndipo asadzaisinthe.

Aphunzitsi a ku Santhe: Ndili ndi ana awiri a pasukulu pathu amene asankhidwanso, wina ku Mzuni wina ku MUST. Mungawalandire nawo Loweruka lomwelo? Thiransipoti yawo ndilipira ine.

Mwana wa ku Wimbe: Abwere aphunzitsi. Akulu a kwa Chulu, ngati muli pafupi mudzandithandize, atatu ndi ambiri kwa munthu mmodzi.

Mnyamata wa kwa Chulu: Ndifika. Ndibwera ndi laputopu ya msuweni wanga, wina anyamule extension poti batire lake silisunga moto.

Nabanda wa ku Chamama: Extension ndibwereka kwa oyandikana nawo. Tinyamuka ndi galimoto yoyamba, tikafika pa depoti ndikuimbirani.